Masiku asanakwane: n'chifukwa chiyani achipatala amatulutsa mwana msanga pa opaleshoni?

Palibe uthenga umene umasokoneza banja ngati wakuti mayi woyembekezera akulowa ku fiyeta pomwe mimba ili ndi miyezi 7 yokha. Matenda sanayambe, nsupa sinasweke, dzana lomweli munthuyo amagulitsa kabichi pa Lizulu, lero anamwino abwera ndi pepala loti asaine. Agogo amene abwera kudzadikirira odwala amangoti kakasi, kenako funso limatuluka: "Anamwino, kodi mwanayo wakhwima? Bwanji osadikira kuti masiku akwane?" Funso limeneli si laumbuli. Adokotala nawonso amakhala atalimbana nalo asanaitanitse pepalalo, chifukwa amadziwa bwino lomwe kuti sabata iliyonse imene mwana wakhala m'mimba ndi phindu. Akafika ponena kuti atuluke lero, ndiye kuti m'kuona kwawo m'mimbamo mwasanduka moopsa kuposa kunja, kwa mwanayo, kwa mayi ake, kapena kwa onse awiri.

Kumudzi timawerenga miyezi, kuchipatala amawerenga masabata, ndipo pankhani iyi masabata ndiwo amalamula. Mimba yokwanira imatenga masabata pafupifupi 40 kuchokera tsiku loyamba la kusamba komaliza. Mwana wobadwa asanafike masabata 37 ndiye wosakwana masiku, koma osakwana masikuwo sali gulu limodzi. Wa masabata 35 kapena 36 nthawi zambiri amapuma yekha, vuto lake limakhala kuzizidwa ndi ulesi pa bere. Wa masabata 30 mapapo ake amakhala asanakonzeke, ndipo sangathe kuyamwa, kumeza ndi kupuma mogwirizana, luso limene limakhazikika cha m'masabata 34. Wosafika masabata 28, tisanamizane, mwayi wake m'zipatala zathu ndi wochepa. N'chifukwa chake kuyamba sikelo mimba isanapitirire miyezi 3 kuli ndi phindu lina lomwe ambiri saliganizira: deti limalembedwa mayi akadakumbukira, ndipo sikani ya koyambirira imanena msinkhu wa mimba molondola kuposa ya kumapeto. Tsiku lovuta likafika buku lilibe deti, adokotala amangoyerekeza ndi tepi pamimba, ndipo kuphonya ndi masabata 3 si nkhani yaing'ono posankha pakati pa kudikira ndi kutulutsa.

Ana osakwana masiku si achilendo kwathu kuno. Lipoti lomwe bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO ndi anzake adatulutsa mu 2012 lidaika Malawi pamwamba pa maiko onse, ndi ana 18 mwa 100 aliwonse obadwa masiku asanakwane. Ambiri mwa ana amenewa amabwera okha, matenda atayamba msanga kaamba ka malungo, kuchepa kwa magazi, matenda a m'njira ya mkodzo, mapasa, kapena mimba ya mtsikana amene thupi lake silinakhwime. Ena, ocheperapo, amatulutsidwa dala ndi achipatala, ndipo chimene chimafikitsa kumeneko kawirikawiri ndi BP ya pamimba.

Achipatala amaitchula kuti pre-eclampsia. Imayamba mimba itadutsa masabata 20, ngakhale kwa mayi amene chibadwire sanadwalepo BP, ndipo imakonda mimba yoyamba, mimba ya mapasa, ndi amayi amene ali kale ndi BP, shuga kapena vuto la impso. Gwero lake ndi nsengwa. Kumayambiriro kwa mimba nsengwa imayenera kulowerera bwino m'khoma la chiberekero n'kukulitsa mitsempha imene imaibweretsera magazi. Ikalephera kutero imalandira magazi operewera, ndipo imayamba kutulutsa zinthu zimene zimawononga mitsempha m'thupi lonse la mayi. BP imakwera, impso zimayamba kutaya mapuloteni mu mkodzo, chiwindi chimatupa, ubongo nawo umakhudzidwa. Mwana m'katimo amakula mokwinimbira, poti chakudya chake chimadzera mu nsengwa yomweyo. Ku sikelo vutoli limagwidwa ndi zinthu ziwiri zotchipa kwambiri: lamba wa pamkono ndi kapepala koviika mu mkodzo. BP ikafika 140/90, kapepala kachikasu kaja n'kusanduka kobiriwira, azamba amasintha nkhope. Ikafika 160/110 ndiye kuti zafika poipa, ngakhale mayiyo atamaseka n'kumati palibe pomwe pakuwawa.

Apa m'pamene mabanja ambiri amapusitsika, chifukwa matendawa amatha kufika patali munthu akuphika nsima bwinobwino. Kutupa mapazi pakokha si kanthu, amayi ambiri apakati amatupa. Choopsa ndi nkhope yotupa m'mawa, zala zokana kupinda, mutu woboola umene sumva Panado, maso ochita chifunga kapena kuona timoto tothetheka, ndi kupweteka pansi pa nthiti chakumanja kumene ambiri amakutenga ngati chilungulira. Zimenezi zikanyalanyazidwa, chotsatira ndi kukomoka mophiriphitha ngati khunyu, komwe achipatala amati eclampsia. Kumudzi mayi wapakati akagwa chotero maganizo amathamangira ku ufiti kapena ku mdulo, ena n'kuyamba kufunafuna njinga yopita kwa asing'anga. Pomwe izi zikuchitika mayiyo akulephera kupuma bwino, mwana nayenso akusowa mpweya, mtsempha wa mu ubongo ukhoza kuphulika, ndipo nsengwa ikhoza kukanganuka.

Mankhwala alipo. Methyldopa, nifedipine ndi hydralazine amatsitsa BP, ndipo magnesium sulphate amaletsa kukomoka. Amene adabayidwapo magnesium saiwala: wina amalowa pang'onopang'ono mu mtsempha, thupi lonse n'kuchita kutentha ngati wakhala pafupi ndi moto, kenako jakisoni wamkulu thako lililonse, n'kumabwereza jakisoni mmodzi pa maola 4 aliwonse. Asanabaye wotsatira anamwino amagogoda pa bondo kuti aone ngati mwendo ukudumpha, amawerenga kapumidwe, n'kusuzumira m'thumba la mkodzo kuti aone ngati impso zikugwira ntchito. Kafukufuku wamkulu wa mu 2002, wa amayi oposa 10,000 m'maiko 33, adapeza kuti magnesium amachepetsa kukomoka ndi kuposa theka. Koma onsewa sachiza. Amangogwiriziza. Bola nsengwa ikadali m'mimba, gwero la matenda likadalipo, ndipo nsengwa singatuluke n'kusiya mwana.

Ndiye adokotala amayeza zoopsa ziwiri. Mlimi wa kudimba m'mbali mwa Linthipe amadziwa kuti chimanga chimakoma chikaumira pa phesi, koma akaona mtsinje ukukwera sadikira, amakolola chomwecho n'kukachiyanika kunyumba. Mimba ikakhala yosafika masabata 34, BP n'kumvera mankhwala, magazi ndi mtima wa mwana zili bwino, achipatala amayesa kuonjezera masiku, mayi ali pabedi pomwe akumuona. Masiku awiri oyamba ndi amtengo wapatali chifukwa cha jakisoni wina wotchedwa dexamethasone, amene amabayidwa kanayi motalikirana maola 12. Ntchito yake ndi kufulumizitsa mapapo a mwana kuti ayambe kupanga madzi oterera amene amaletsa timatumba ta mpweya kumatirirana popuma. Mayi akamati "andigoneka koma sakundichita kanthu, angondibaya jakisoni," nthawi zambiri ndi zimenezi. Kudikirako kumatha mayi akakomoka, BP ikakana kutsika, impso kapena chiwindi zikayamba kufooka, kapena mtima wa mwana ukasintha kagundidwe. Pamenepo nkhani imakhala ya maola, ndipo moyo wa mayi ndiwo umaikidwa patsogolo. Mimba ikadutsa masabata 34 matenda ali ovuta, kapena ikafika 37 ngakhale ali ofatsa, palibenso chodikirira.

Chifukwa china chachikulu ndi kutaya magazi. Nthawi zina nsengwa imakhazikika m'munsi n'kutseka khomo la chiberekero. Mayi amangodzuka usiku mphasa ili magazi ofiira, popanda kupweteka kulikonse, kenako amasiya okha, banja n'kuti zatha. Sizinathe, amabweranso ochuluka. Mwana sangadutse pakhomo lotsekedwa, kotero opaleshoni imakonzedwa cha m'masabata 36 kapena 37, kapena nthawi iliyonse magazi akachuluka. Mayi wotere asapimidwe ndi zala kunjira ndi wina aliyense, chifukwa chala chikakhudza nsengwayo magazi amatuluka osaletseka. Nthawi zina nsengwa yomwe ili pamalo pake imakanganuka mwana asanabadwe. Apo mimba imalimba gwa, ululu suleka, magazi otuluka amakhala akuda ndiponso ochepa pomwe ambiri akukhuthukira m'kati. Mwana akakhala kuti akadali moyo, mphindi zimawerengedwa.

Zilipo zinanso. Nsupa ikasweka masabata ambiri asanakwane, achipatala amapereka mankhwala opha tizilombo n'kudikira, koma mayi akayamba kutentha thupi kapena madzi akayamba kununkha, mwana ayenera kutuluka. Mwana amene wasiya kukula, kapena amene wachepetsa kusewera m'mimba, amamvetseredwa mtima, umene uyenera kugunda pakati pa 110 ndi 160 pa mphindi. Ndipo si onse otulutsidwa msanga amene amadzera ku mpeni. Ngati mwana watsogoza mutu, mtima wake uli bwino ndipo nthawi ilipo, matenda amatha kuyambitsidwa ndi mankhwala mayi n'kuchira mwa masiku onse. Opaleshoni imasankhidwa mwana akapingasa kapena akatsogoza matako, njira ikatsekedwa, mwana akatopa kale moti sangapirire zowawa za pobereka, kapena nthawi ikathina.

Zonsezi zimaoneka zolongosoka pa pepala. Pansi pano pali misewu. Zipatala zing'onozing'ono za kumidzi zilibe fiyeta, ntchito yawo ndi kuzindikira vuto, kubaya jakisoni woyamba wa magnesium, kuika diripi ndi kuitana ambulansi. Wochokera ku Golomoti wolunjika ku Dedza boma ayenera kukwera zitunda za Khwekhwelere, pokhapokha atathandizidwa ku chipatala cha mishoni cha Mua kumunsi komweko. Wa ku Tsangano ali ndi ulendo wautali kuti akafike ku Ntcheu boma, ndipo nyengo ya dzinja ulendowo umatalikirapo. Zikavutitsitsa ku Dedza amatumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe, mtunda wa makilomita oposa 80. Achipatala amakonda kusamutsa mayi mwana akadali m'mimba kusiyana ndi kuthamangitsa khanda la kilogalamu imodzi ndi theka pa msewu wa mabampu, poti m'mimba muli kutentha ndi mpweya zomwe galimoto singapereke. Choncho mayi akauzidwa ku sikelo kuti apite ku boma akadikirire ku chidikiro pomwe iye akudzimva kuti ali bwino, sikuti azamba akumuthamangitsa. Ku Ntcheu nkhani imeneyi idalimbikitsidwa kwambiri ndi Inkosi Kwataine, amene adakhazikitsa malamulo a m'midzi oti amayi azichirira ku chipatala, ndipo mu 2012 pulezidenti Joyce Banda adawaika kutsogolera ntchito ya uchembere wabwino m'dziko lonse.

Koma kuchedwa kumene kumandipweteka mtima kwambiri si kwa msewu, ndi kwa pakhonde la wodi. Pepala lafika, mayi akuti sangasaine bambo a kunyumba asanamve, bambowo ali ku Joni foni siikupezeka, agogo akuti nkhani ya mpeni ndi ya eni mbumba, aimbireni amalume ake. Ulemu umenewu ndi wabwino pa maliro ndi pa chinkhoswe, pomwe kudikira tsiku sikupha munthu. Pa nsengwa yokanganuka, ola limodzi ndi lokwanira kutaya mwana. Mayi wamkulu amene ali ndi nzeru zake ali ndi mphamvu yosaina yekha, ndipo banja lanzeru limakambirana zimenezi mimba ikadali yaing'ono, kuti amene ali pa chipatala tsiku limenelo asaope kuvomera. Pali ena amene akamva za opaleshoni amazembetsa mwanamphepo m'botolo kuti matenda ayambe msanga mayi apulumuke ku mpeni. Mwanamphepo amakokera chiberekero mopanda muyeso, mwana wofooka kale amabanika, ndipo chiberekero chimatha kung'ambika. Palinso kachizolowezi koumiriza mayi kuti aulule amuna amene adayenda nawo, ati n'chifukwa chake mimba yavuta. Nsengwa yotseka khomo ilibe khutu, ngakhale atatchula mudzi wonse siisuntha. Ndipo agadiyani akamva kuti wodwala akupita ku fiyeta asamupatse phala kapena thobwa poti apeze mphamvu, chifukwa akasanza ali pa tebulo masanziwo amatha kulowa m'mapapo.

Opaleshoni yeniyeniyo ndiyo gawo lalifupi pa nkhani yonseyi. M'zipatala za maboma ambiri amene amaichita ndi ma clinical officer, ndipo ndi ntchito imene amaigwira usana ndi usiku. Kawirikawiri mayi sagonetsedwa tulo. Amamukhazika chowerama, n'kumubaya jakisoni kumsana, miyendo imayamba kutentha kenako kulemera, ndipo kuyambira cha pachifuwa kutsika m'munsi ululu sumveka, ngakhale kukoka ndi kukankha kumamveka. Amatchinga nsalu kuti asaone, amadula chopingasa m'munsi mwa mchombo, ndipo pakangopita mphindi zochepa mwana amakhala watuluka. Nthawi yotsalayo ndi yochotsa nsengwa, kuletsa magazi ndi kusoka, zonse pamodzi osaposa ola limodzi ngati palibe chovuta. Mwana wosakwana masiku nthawi zambiri salira mokweza, ndipo mayi amangomuona pang'ono anamwino n'kuthamanga naye. Pali chinthu chimodzi choyenera kufunsa pambuyo pake. Mimba ikakhala yaing'ono kwambiri, kumunsi kwa chiberekero kumakhala kusanatambasuke, ndiye adokotala nthawi zina amadula chiberekerocho choimirira ngakhale pakhungu adula chopingasa. Chipsera chotere sichilimba pa matenda a mimba yotsatira, ndipo mayi sangadziwe poyang'ana pamimba pake. Ziyenera kulembedwa m'buku lake la kuchipatala.

Ena amati masiku ano achipatala angokonda mpeni. Ku maiko ena dandaulo limeneli lili ndi mutu. Kwathu kuno, kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 6 okha mwa 100 ndiwo amabadwa pa opaleshoni, pomwe amayi 439 mwa 100,000 obereka ana amoyo amamwalira pa zifukwa za uchembere. WHO idanena mu 2015 kuti imfa za amayi ndi makanda zimapitirira kutsika chiwerengero cha maopaleshoni chikamakwera kufika pa 10 mwa 100. Izi sizikutanthauza kuti opaleshoni ndi masewera. Ili ndi zoopsa zake, kutaya magazi, bala kuchita mafinya, ndi chipsera chimene chimalamulira mimba zonse zam'tsogolo. Magazi omuonjezera mayi sagwa kumwamba, amachokera kwa anthu opereka mwaufulu kudzera ku Malawi Blood Transfusion Service, ambiri a iwo ana a sukulu za sekondale, ndipo abale athanzi akapemphedwa kupereka asayambe kuyang'ana kumbali.

Mwana akafika ku nazale nkhondo yoyamba ndi ya kupuma. Mapapo osakhwima amafwafwala akatulutsa mpweya, ndiye kamwanako kamabuula, nthiti zikulowa m'kati, mphuno zikututuma. Chomwe chathandiza ana ambiri m'zipatala za maboma ndi kamakina kotchedwa Pumani, komwe adakapanga akatswiri a ku Rice University ku America mogwirizana ndi madokotala a ku Queen Elizabeth Central ku Blantyre. Kamakankha mpweya mofatsa kudzera m'timachubu ta m'mphuno, ndipo mphamvu ya mpweyawo imayezedwa ndi botolo la madzi limene limangobwata thovu usiku wonse. Agogo ena akaona timachubu amati mwana akumumaliza, poti adamva kuti woikidwa okosijeni sabwerera. Zoona zake n'zakuti amene amaikidwa pa makina ndi odwalitsitsa kale, ndiye ena mwa iwo amamwaliradi, koma chowapha si makinawo. Chimodzimodzi nyale ya buluu imene amawalitsa pa mwana wachikasu, maso atamuphimba: siimuotcha, imaphwanya chikasucho kuti chisafike ku ubongo.

Kenako kuzizira, ndipo apa a ku Dedza sitifunika kuuzidwa. Tauni yathu ili pamtunda wa mamita oposa 1,500, ndipo mu June ndi July ngakhale munthu wamkulu amagona ndi juzi. Mwana wosakwana masiku alibe mafuta pansi pa khungu, mutu wake ndi waukulu poyerekeza ndi thupi, ndipo kutentha kumamuthawa msanga. Akazizidwa amaleka kuyamwa, shuga amatsika, kupuma kumavuta. Kumukulunga m'zitenje zisanu sikuthandiza kwenikweni, poti chitenje chimasunga kutentha komwe kulipo, sichipanga kwina. Yankho lake ndi kangaru: mwana atavala thewera, chipewa ndi masokosi okha, amaikidwa choimirira pakati pa mabere khungu kukhudza khungu, mutu utatembenuzidwira kumbali kuti mphuno zisatsekeke, n'kumangidwa ndi chitenje, mayi n'kuvala bulauzi yotsegula kutsogolo pamwamba pake. Njirayi idayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978 pomwe mabokosi ofunditsira ana adachepa, ndipo kuno idayamba pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Poyamba ankadikira kuti mwana akhazikike kaye. Kafukufuku amene zotsatira zake zidatuluka mu 2021, wochitikira ku Malawi, Ghana, India, Nigeria ndi Tanzania pa ana olemera kuyambira kilogalamu 1 koma osafika 1.8, adapeza kuti kuyamba kangaru atangobadwa kumachepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa magawo 4, ndipo mu 2022 WHO idasintha malangizo ake motsatira zimenezi.

Pomwepa pali mfundo imene imaiwalika. Mayi wa opaleshoni tsiku loyamba ali chigonere, miyendo siinabwerere, ngati anali ndi BP ya pamimba magnesium akupitirira kwa maola ena 24, diripi ili pamkono. Sangamange mwana pachifuwa usana ndi usiku yekha. Chifuwa cha agogo, cha azakhali kapena cha bambo a mwana chimatentha chimodzimodzi. Abambo ambiri amaima panja pa wodi ndi jumbo ya sopo ndi shuga, n'kumati zam'katimo n'za azimayi, pomwe maola ochepa a chifuwa chawo akadapatsa mkazi wawo mpata wogona ndi wofinya mkaka.

Kufinyako ndi ntchito payokha. Mwana amene sangayamwe amamwa mkaka wa mayi ake pa kakapu kapena kudzera m'kachubu kopita m'mimba, pang'onopang'ono, pa maola 2 kapena 3 aliwonse, usiku womwe. Masiku oyamba timatuluka timadontho tachikasu, ndipo mayi wotopa amataya mtima kuti alibe mkaka. Timadonthoto ndi tokwanira kamimba kakang'onoko, ndipo ndi timene timateteza matumbo osakhwima ku matenda. Akamafinya pafupipafupi mkaka umabwera. Kutuluka m'chipatala sikudikira kuti mwana afike pa msinkhu wa anzake. Amatulutsidwa akamadya bwino, akamakwera sikelo ndiponso banja likadziwa kangaru, n'kumabwerera kudzayezetsa pa masiku omwe auzidwa. Kunyumba mwambo wa chikuta umamuthandiza mwana wotere, bola usasanduke chifukwa chokanira kupita naye ku sikelo, ndipo m'nyumbamo musakhale utsi wa nkhuni kapena mbaula. Odzaona mwana ali ndi chimfine aonere pakhomo. Mwana akaleka kuyamwa, akazizira, akatentha thupi kapena akamadukiza kupuma, ndi wa kuchipatala usiku womwewo, ndipo wosowa womufunsa akhoza kuimba ku Chipatala Cha Pa Foni. Poyerekeza kakulidwe kake ndi ana ena, chotsaniko masabata amene adafulumira: wobadwa miyezi 2 isanakwane akafika miyezi 6 amachita za mwana wa miyezi 4, ndipo sikuti ndi wopepera.

Mayi naye sanachoke m'zoopsa. BP ya pamimba siitha tsiku lomwe nsengwa yatuluka, imatha kukweranso m'masiku otsatira, ndipo ena amakomoka ali kale kunyumba. Mutu woboola kapena maso a chifunga m'masabata 6 oyamba ndi chifukwa chobwerera ku chipatala mosazengereza, monganso bala lofiira, lotupa kapena lotuluka madzi onunkha, kutentha thupi, kapena mwendo umodzi wotupa ndi kuwawa. Anamwino akamamudzutsa tsiku lotsatira kuti ayende chowerama m'wodi si nkhanza, kuyenda kumaletsa magazi kuundana m'miyendo. Koma kuyenda n'kosiyana ndi kusenza ndowa kuchokera ku mjigo, kusinja kapena kupanga mizere ya kachewere. Kwa masabata 6 ntchito zimenezo zipeze eni ake ena. Ndipo mawu oti "adalephera kubereka yekha" kapena "ndi waulesi", amene apongozi ndi anansi ena amaponya mwa nthabwala, amagwera munthu amene usiku sakugona, bala likuwawa, mtima uli m'mwamba ndi kamwana kosafika makilogalamu awiri, kapena amene wabwerako chimanjamanja. Mayi amene akungolira, sakudya, kapena sakufuna kuyandikira mwana wake akudwala matenda odziwika ndithu, ndipo anamwino ayenera kuuzidwa.

Za mimba yotsatira zimakambidwa asanatuluke m'chipatala, pamodzi ndi njira yolera. Chipsera cha m'chiberekero chimafuna nthawi, ndipo achipatala amalangiza kudikira pafupifupi zaka 2. Amene adachitidwa opaleshoni kamodzi, chiberekero n'kudulidwa chopingasa, akhoza kudzayesa kuchira mwa masiku onse, koma pa chipatala chokhala ndi fiyeta, osati kunyumba kapena pa chipatala chaching'ono. Wodulidwa choimirira, kapena amene wachitidwa kawiri, amakonzeredwa tsiku la opaleshoni matenda asanayambe. Amene adadwala pre-eclampsia ali ndi mpata waukulu woidwalanso, choncho ayambe sikelo akangozindikira kuti waima, anene mbiri yake yonse, ndipo adokotala akhoza kumuyambitsa aspirin wa mlingo wochepa cha m'masabata 12 kuti achepetse vutolo. Ngakhale atasiya kubereka, aziyezetsa BP chaka ndi chaka, poti amayi otere amadzadwala BP ndi mtima akamakula kuposa anzawo. Buku lakale la sikelo lisatayidwe likadzadza. Lisokereni ku latsopano, ndipo tsamba lolembedwa chifukwa cha opaleshoni, masabata a mimba ndi kadulidwe ka chiberekero mulijambule pa foni.